Besi Imene Ndinabwera Nayo ku Joni

Ku Joni ndinapita kukanyamula mafiriji a anthu. Zoyimba zinandipeza komweko, ngakhale kuti nthenda yake ndinachoka nayo kwathu ku Sinda. Ndili mnyamata ndinali ndi babatoni, ija ya nsambo imodzi yokokedwa pa mtengo wautali wolowa m'ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Ndinkaikhalira pamwamba n'kumaimenya ndi kamtengo, anzanga akukanda mabanjo a zigubu. Tinkayimba m'maukwati ndi pamsika, malipiro ake thobwa ndi kutiombera m'manja.

Nditakwatira ku Vubwi ndinapita nayo kuchikamwini. Alamu anga a Fakisoni, achimwene ake a mkazi wanga, anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumunsi.

"Alamu, khasu mwabwera nalo, kapena tizilimira chimenechi?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma thonje litakanika zaka zotsatizana, mwana wathu Tikambenji ali kumbuyo kwa amake, kusekako kunayamba kundiwawa. Pamudzi pa eni ake, mkamwini wopanda kanthu amayenda chozemba ngati nkhuku yachilendo. Ndinakwera lole pa Chanida, kudutsa Tete ndi Zimbabwe. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anangoti, "Atate a Tika, mukakafika muuzeko munthu kuti mwafika."

Ndinafikira m'chipinda china pamwamba pa shopu ya matayala. Anthu tinalipo ambiri kuposa mabedi, ena ogona masana, ena usiku, moti bedi silinkazizira. Amene anandilandira anali Juma, Myao wa ku Mangochi, munthu wamfupi wa mapewa ngati chitseko. Ndiye anandipezera ntchito pa lole yosamutsa katundu wa m'nyumba. Ndiyenso anandiphunzitsa kuti firiji imanyamulidwa ndi miyendo osati msana, kuti ukaona apolisi usathamange, ndiponso kuti m'takisi usayankhe foni m'Chinyanja. Pamasitepe iye ankakhala kumunsi nthawi zonse, kumene kulemera konse kumathera. Ankati ine ndine wamtali ngati bango, sindichedwa kuthyoka. Mwezi wosala kudya ankakweza masofa osalawa ngakhale dontho la madzi, ine n'kumabisala kuseri kwa lole kuti asandione ndikutafuna buledi.

Tsiku lina tinapita ku Soweto kukasamutsa mdala wina dzina lake Finiyasi, amene ankachoka m'nyumba yake kukakhala m'kanyumba ka kuseri kwa mwana wake. Katundu anali wochepa, koma panali bokosi lakuda lalitali kuposa ine. Mdalayo anakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Anakwera kumbuyo n'kulikumbatira bokosilo njira yonse. Titatsitsa analitsegula kuti aone ngati tawononga. Munali chinthu chonga gitala ya chimphona, chofiirira, cha nsambo zinayi zonenepa. Anakoka nsambo imodzi. Kulira kwake sikunalowere m'makutu, kunalowera m'mimba.

Ndinapempha kuti ndikhudzeko. Juma anandikoka malaya, koma mdalayo analola. Ndinayamba kuliza kanyimbo ka babatoni ka ku Sinda, pa nsambo imodzi yokha. Iye anapendeka mutu, kenaka anandifunsa m'Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi kuti kwathu n'kuti. Ndinamuuza.

"Zambia, nsambo zilipo zinayi, iwe ukuzunza imodzi. Zinazi zakulakwira chiyani? Ubwere Lamlungu."

Kuyambira pamenepo dzina langa linakhala Zambia, ndipo chinthucho ndinadziwa kuti ndi besi.

Lamlungu lililonse ndinkakwera sitima kupita kwa Mdala Finiyasi. Zala zinatuluka matuza. Juma ankawaboola ndi singano yowotcha pakandulo, uku akung'ung'udza.

"Ntchito yolipidwa ikukuthyola msana, ndiye wapezanso yaulere yokusenda zala. Anakulodza ndani, achimwene?"

Mdala sankadziwa kuphunzitsa mofatsa. Ankamenya pansi ndi ndodo ndikathamanga, ankatuluka panja ndikachedwa. Koma ndi iye amene anandiuza chimene nyimbo zawo za jazi zimafuna kwa munthu wa besi. Ankati wa lipenga ndi wa piyano amauluka kupita kumene mtima wawo wafuna, koma akamatera ayenera kukupeza iwe uli panjira, ukuyenda, osathamanga, osaima.

Tsiku loyamba kuyimba pagulu, ndi gulu la jazi la Mdala, linali Lamlungu masana, m'holo ina yodzaza madoda a zipewa ndi nsapato zonyezimira, amene ankavina mmodzimmodzi ngati akuponda mazira. Nyimbo inayamba bwino. Kenaka wa lipenga anauluka, ine n'kuyamba kumumvetsera mmalo mosunga njira yanga. Nditadzidzimuka sindinadziwenso kuti tili pati. Wa ng'oma anasiya kumenya, n'kuweramira pa maikolofoni.

"Zambia wabwerera kwawo, anthuni. Wina amuitane."

Holo yonse inagwa ndi phwete. Mdala anakwera, n'kundilanda besi m'manja pamaso pa anthu, n'kumaliza nyimboyo. Ine ndinaima pambali osadziwa koika manja. Pobwerera ndinanyamula bokosi lija, poti kunyamula kokha ndiko ndinkakudziwa.

"Sabata yamawa ubwerenso," anatero Mdala. "Ine ndinasocherapo pa nyimbo yomweyo, apongozi anga atakhala mpando wakutsogolo."

Ndinabwerera. Zaka zinapita, matuza anasanduka zikang'a, ndipo wa ng'oma uja anasiya kundiyang'ana cham'mbali. Nyamakazi itagwira zala za Mdala, malo ake m'gulumo anakhala anga. Masiku ena ndinkakweza makabati m'mawa, madzulo n'kuvala jekete yobwereka kukayimba m'mahotela momwe m'mawa mwake sakanandilola kulowera khomo la kutsogolo.

Kupeka nyimbo kunayamba ndi kupukwa. Ndinkakumbukira mmene akazi a ku Vubwi amaombera m'manja povina chitelele, gulu lina likuomba, lina likuyankha pakati pake. Ndinatenga kuombako n'kukuika pa nsambo za besi, pamwamba pake n'kuikapo kanyimbo koti lipenga lizilira. Ndinaitcha Tikambenji. Anzanga ankalephera kutchula dzinalo, koma nyimboyo anaikonda, ndipo tinaijambula pamodzi ndi zina zimene ndinapeka pambuyo pake. Tsiku lina ndili m'takisi ndinaimva pawailesi. Pakamwa panatseguka pokha.

"Besi imeneyo ndikuliza ndine!"

Dalaivala anandiyang'ana pagalasi. Sanamve za besi, anamva lilime langa. "Iwe kwanu n'kuti?" anafunsa. Anthu onse m'takisimo anatembenukira kwa ine. Ndinatsika ndisanafike kumene ndinkapita, nyimbo yanga n'kupitirira ndi takisiyo.

Kumudzi ndinkatumiza zimene ndikanatha. Ntchito ikayenda kunkapita malata, feteleza, yunifolomu ya Tika. Ikavuta ndinkangoti zii, poti foni yopanda kanthu kumbuyo kwake ndinkaiopa. Kupita kukawaona kunali kovuta chifukwa masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kalekale. Ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Tsiku lina ndinaimba foni n'kuiika pafupi ndi sipika kuti mkazi wanga amve nyimbo ya mwana wake. Anamvetsera kanthawi.

"Nanga oyimbawo ayamba liti?"

"Ilibe mawu, amake Tika. Ndi zida zokhazokha."

Ndinamva foni ikusintha manja. Anali a Fakisoni. "Alamu, tikumva kuti mumasangalatsa oledzera kumeneko. Anzanu amene munapita nawo akutumiza njinga zamoto."

Kenaka kunabwera mwayi umene woyimba aliyense amaulota. Gulu lathu linaitanidwa kutsidya kwa nyanja, kwa azungu, ndipo oitanawo anatchula nyimbo zanga kuti ndizo akufuna kumva. Tinakumbatirana, Mdala anavina ndi ndodo yake. Atatolera mapasipoti, wa piyano, amene anali mtsogoleri wathu, anatsegula yanga n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Zambia, ndi iyi sungafike ngakhale pachitseko cha ndege. Akakumangira pabwalo pomwepo."

Anapeza munthu wina wa besi, wophunzira kukoleji, waulemu ndithu. Ndinakhala naye masabata angapo kumuonetsa mmene kuomba kwa akazi a ku Vubwi kumayendera pa nsambo. Tsiku la ulendo galimoto inabwera yaing'ono, katundu osakwana. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndani wina ankadziwa kulongedza? Ndinalongedza ng'oma, masutikesi, zonse zinalowa bwinobwino. Pabwalo la ndege ndinawakankhira ngolo ya katundu mpaka pamene operekeza amathera. Mzungu wina wokalamba anandikodola kuti ndimunyamulirenso chikwama chake. Ndinamunyamulira.

Atabwerako anandionetsa pafoni anthu ambirimbiri ataimirira, akuomba m'manja pa nyimbo ya Tikambenji. Ndinaonera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zinali bwino.

Mavuto ena sanachedwe. Mdala Finiyasi anamwalira, atauza ana ake kuti besi ndi ya Zambia. Kunabwera matenda aja otsekera anthu m'nyumba, malo oyimbira n'kutsekedwa, ena osatsegulidwanso. Juma anayamba kutsokomola, abale ake a kumzikiti anamusonkhera ulendo, n'kubwerera ku Mangochi. Pondisiya anandipatsa lamba wake womangira msana, nati, "Tsopano kumunsi kwa masitepe uzikhala wekha." Sipanapite nthawi, msana wanga unagonja. M'misewu munayambanso magulu ofunsa anthu mapepala ndi kuwayesa lilime. Ndinkakhala m'chipinda ndi besi, osailiza mokweza kuopa kudziwika.

Uthenga wa mkazi wanga unandipeza mmenemo. Unali waufupi. "Tika akukwatiwa tikakolola. Ngati atate ake alipo, abwere."

Pachipata cha m'malire anandidinda chidindo choti ndisabwererenso. Basi ya ku Lusaka inandilipitsa besi ngati munthu. Podutsa pa Sinda sindinatsike, poti makolo anga anali atapita kale ndipo panalibe khomo loti ndigogode. Ndinatsikira pa Katete dzuwa lili pamutu, ndi kachikwama kamodzi. Makondakitala atayamba kutsitsa bokosi lakuda lija, phokoso la pasiteshoni linazima. Oitanira minibasi anavula zisoti. Amayi ogulitsa nthochi anasuntha mabeseni awo. Mwini shopu wina wa kofia yoyera anatuluka, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, atate. Mwachoka nawo kutali? Aikeni pamthunzi apa, tione za galimoto."

Apa ndinazindikira kuti akuliyesa bokosi la maliro. Ndinangogwada n'kutsegula bokosilo. Anthu anasuzumira. Woitanira wina anayamba.

"Ah, mdala, ni gitala chabe! Mwatiyofya, ise tenze tayamba kulila!"

Kuseka kunayenda mpaka kumsika. Wina anafunsa ngati ku Joni anthu ake ndi aatali choncho. Mwini shopu uja yekha sanaseke. Anandipatsa madzi, n'kundipezera lole yaing'ono ya kanta yopita ku Chadiza ndi Vubwi. Ndinakwera kumbuyo, pa matumba a feteleza, nditakumbatira bokosi.

Pamudzi sindinapazindikire. Pamene ndinasiya kanyumba ka udzu panali nyumba ya njerwa zootcha, ya sola padenga. Malata ena anali anga aja, koma njerwa, simenti ndi mawindo zinachokera m'manja mwa mkazi wanga, amene anali atayamba geni yogula soya ndi nsawa m'malire a Mozambiki ndi Malawi. Anatuluka atanenepa, foni m'manja, makiyi m'chiuno. Anagwada patali n'kundilonjera monga amalonjerera mlendo wolemekezeka. Tika anabwera, mtsikana wamtali ngati ine, nagwada pafupi ndi amake.

"Mwayenda bwanji, atate?"

Liwu lakuti atate analitchula mosamala, ngati dzina la mankhwala. Anthu anasonkhana kudzaona zimene wa ku Joni wabweretsa. Maso onse anali pa bokosi. A Fakisoni, imvi zili mbuu, analigogoda ndi chala.

"Babatoni ija yakula, alamu."

Anandiyalira mphasa m'kanyumba kosungiramo matumba a soya. Anati m'nyumba yaikulu mwadzaza alendo a ukwati, ndipo zinali zoona. Masiku okonzekera ndinayesa kuthandiza. Kuwaza nkhuni msana unakana. Kumanga chisakasa, anthu ankandilanda mitengo mwaulemu, "Pumulani, atate, mwachoka kutali." Ng'ombe yophera alendo anapereka a Fakisoni. Diresi anagula amake. Ine ndinalibe choika pa ukwati wa mwana wanga kupatula nyimbo ya dzina lake, ndiye ndinapempha kuti andipatse mpata.

Tsikulo linafika. Jenereta inkalira kuseri, masipika akugwedeza chisakasa. Mphatso zili mkati, a Fakisoni, amene ankayendetsa mwambo monga malume, anakweza maikolofoni.

"Tsopano atate ake a mkwatibwi, amene atifikira kuchokera ku Joni, ali ndi mphatso yawo."

Amayi analuluta. Ndinalowa pabwalo nditanyamula besi, n'kuiimika pafumbi. A Fakisoni anayandikiza maikolofoni pa mimba yake, masipika analira mokuwa mpaka ana anatseka makutu, ndiye anaichotsa. Ndinayamba choncho, popanda chokuzira mawu.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinayenera kudziwa kale. Nyimbo ya Tikambenji imakoma chifukwa cha lipenga, piyano ndi ng'oma. Gawo langa ndi la pansi, ngati maziko a nyumba. Anthu anaitanidwa kudzaona nyumba, ine n'kuwaonetsa maziko okha. Chimene ankamva, amene anali pafupi, chinali du, du-du, du, chikulimbana ndi jenereta. Anadikira mwaulemu. Kenaka ndinamva mayi wina akufunsa mnzake, osati monong'ona kwenikweni.

"Kodi ayamba, kapena akukonza kaye?"

Thukuta linatsikira m'maso. Ndinayang'ana kwa Tika. Anali atazyolika, koma mkwatibwi amazyolika ndithu pa ukwati wake, ndiye sindinadziwe ngati unali mwambo kapena manyazi. Ndisanafike ndi pakati pomwe, woika nyimbo anatsegula masipika. Kaya anafuna kundipulumutsa, kaya ankayesa ndamaliza, sindinamufunse. Anthu anadzuka ndi chimwemwe ngati amasulidwa, n'kudzaza bwalo. Ndinatsala pakati pawo nditakumbatira besi kuti ovina asaiponde, ndikufunafuna potulukira.

Alendo atabalalika, Tika atapita kwa mwamuna wake, m'nyumba yaikulu munatsala malo ambiri, koma palibe anatchula za mphasa yanga. Inenso sindinafunse. Ndinkakhala kuseri, kupewa njira ya kumsika, chifukwa ana anali atayamba kundiyeserera, du, du-du, du, ndikamadutsa.

Masana ena ndikupukuta fumbi pa besi, mkazi wanga anabwera ndi lichero la nsawa. Anakhala pakhomo pa kanyumbako n'kuyamba kuswa.

"Tsiku lija kunali phokoso," anatero osandiyang'ana. "Taimbani ndimve."

"Siikoma ndekha, amake Tika. Imafuna anthu ena."

"Anthu enawo kulibe. Muli inu."

Ndinaiimika. Ndinayamba, ndipo pofika pamene lipenga limalowa ndinaliyimba ndi pakamwa, mong'ung'udza, liwu langa lokalamba likukwera pamene lingathe. Ndinaimaliza yonse. Iye sanasiye kuswa nsawa mpaka nsambo yomaliza itazizira.

"Ndiye zaka zonse zija n'zimenezi?"

"N'zimenezi."

Anapeta makoko, n'kuwauzira kumbali.

"Ine ndinkayesa ndi mkazi," anatero. "Ndinkagona ndikumuganizira, kuti kaya ndi woyera, kaya amaphika bwanji. Akanakhala mkazi ndikanadziwa poyambira kulimbana naye. Nanga ichi ndichitukwane bwanji?"

Anadzuka, nakung'untha chitenje, n'kuyandikira besi. Anaigwira pamimba ndi nsonga za zala, monga amayesera ngati mphika wazizira.

"Muno muli makoswe ndi chiswe, chidzadyedwa. Kachiikeni kuchipinda chochezera, pakona pamene sipafika dzuwa."

Besi inalowa m'nyumba tsiku lomwelo. Anaiyalira kansalu koyera koluka pamutu, ndipo alendo akabwera amawauza kuti ndi ya atate a Tika, inalirapo pawailesi ku Joni. Ine ndikugonabe ndi matumba a soya. Dzulo mkazi wanga anandiuza kuti mvula ikayamba denga la kanyumbaka limadontha, ndiye tidzaona.